Mapapo Sabwera Okha: Kusanthula Lipoti la ku Columbia

M'mwezi wa Marichi 2019, magazini ya Science Immunology inasindikiza lipoti la kafukufuku wochitikira ku Columbia University, mumzinda wa New York. Dzina loyambirira pa olemba ake ndi la Mark Snyder, dokotala wa matenda a m'mapapo. Lomalizira, malo amene asayansi amasiyira mwini labotale, ndi la Donna Farber, mayi amene watha zaka zambiri akufufuza za chitetezo cha m'thupi la munthu. Uthenga umene munthu amatolamo akawerenga mothamanga ndi wosavuta kuusunga: mapapo amene dokotala waika mwa wodwala amabwera ndi asilikali a m'thupi a mwini wake womwalirayo, ndipo odwala amene asilikaliwa akhalitsa mwa iwo amapeza bwino kuposa anzawo. Ndi uthenga wokoma, wotonthoza ngakhale abale a malemuyo. Koma ukalitsata modekha, chiganizo ndi chiganizo, lipotili pa mfundo imeneyi likunena zochepa kuposa zimene timalinenetsa, pamene pa mfundo ina, yosakopa maso, likunena zambiri.

Mutu wake umatchula zinthu ziwiri, kupangika ndi kukhalitsa kwa gulu lina la maselo a T, kenaka n'kumalizira ndi kumene anaziona: mwa anthu oikidwa mapapo. Opaleshoni yakhala kumapeto, ndipo si mwangozi. Funso loyamba la olembawa silinali la mmene wodwala angachirire. Linali funso lakale la akatswiri a chitetezo, limene linkasowa poyankhira, ndipo oikidwa mapapo anangopezeka kuti ndiwo angaliyankhe.

Maselo a T timawadziwa ndithu, ngakhale dzinalo lingamveke lachilendo. CD4 imene amayeza kuchipatala mwa munthu amene ali ndi HIV ndi mtundu umodzi wa maselo a T. Mnzake ndi CD8, amene ntchito yake yaikulu ndi kupha maselo olowedwa ndi kachilombo. Selo la T likakumana ndi matenda kamodzi limasiya ana okumbukira mdaniyo. Kwa nthawi yaitali ankaganiza kuti okumbukirawa amangozungulira m'magazi ndi mwa anabele, timibulu tija timatupa m'khwapa kapena m'mphechepeche munthu akakhala ndi bala. Kenaka zinaoneka mu mbewa kuti ambiri sazungulira konse. Amakhazikika pakhungu, m'matumbo, m'mapapo, pomwe anakumana ndi matendawo, osachokanso. Umboni wake mu mbewa ndi wankhanza koma womveka. Amasoka mbewa ziwiri m'nthiti kuti magazi asakanikirane, n'kudikira masabata angapo. Maselo oyenda m'magazi amagawanika pakati pa ziwirizo, ndipo amene sanawolokere kwa inzake ndiwo okhazikika. Munthu sungamusoke kwa mnzake. Nanga ungadziwe bwanji kuti selo limene walipeza m'phapo la munthu lero linali momwemo chaka chatha, osati langofika dzulo ndi magazi?

Luso la lipotili lagona apa, ndipo n'loyenera kuliombera m'manja. Pafupifupi selo lililonse la munthu lili ndi zizindikiro kunja kwake zotchedwa HLA, zimene timatengera kwa makolo ndipo zimasiyana munthu ndi munthu. Poika impso madokotala amayesetsa kuti zizindikirozi zifanane. Poika mapapo nthawi siilola, chifukwa mapapo sakhalitsa kunja kwa thupi, choncho amayang'ana makamaka gulu la magazi, kukula kwa chifuwa, ndi kuti wodwala alibe kale chitetezo chodana ndi HLA ya woperekayo. Mapeto ake wopereka ndi wolandira amakhala osiyana HLA pafupifupi nthawi zonse. Kwa dokotala kusiyanaku ndi mutu wopweteka, ndiko gwero la kukana chiwalo. Kwa Farber ndi anzake kunali chidindo chaulere. Selo la T lopezeka m'phapo lili ndi HLA ya womwalira silingakhale lachokera kwina, pakuti mwini wake anaikidwa m'manda ndipo mafuta a m'mafupa ake sakupanganso atsopano. Likapezeka patatha miyezi 6, ndiye kuti lakhala momwemo miyezi 6, ilo kapena ana ake. Tsiku loyambira kuwerenga likudziwika mpaka ola lake.

Maselowo ankawatenga motere. Munthu woikidwa mapapo amabwerera kuchipatala kawirikawiri m'chaka choyamba kuti amuone m'kati. Dokotala amalowetsa kapaipi kofewa kokhala ndi kamera kudzera m'mphuno kapena m'kamwa, kutsikira m'njira za mpweya mpaka pamene kathina, kosapitanso patsogolo. Pamenepo amathira madzi a mchere n'kuwakokanso. Obwerera amakhala otuwa, a thovu pamwamba, ndipo m'menemo muli maselo amene anali m'tinjira ndi m'timatumba ta mpweya ta chigawo chimenecho. Njira imeneyi si yachilendo kwathu. Ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre, monga Henry Mwandumba ndi Kondwani Jambo, aigwiritsa ntchito kwa zaka zambiri pa Queen Elizabeth Central Hospital pofufuza mmene HIV imafooketsera chitetezo cha m'mapapo, ndipo naonso anaona kuti zimene magazi akunena si nthawi zonse zimene zili m'phapo. A ku Columbia ankatenga madzi amenewa pamodzi ndi magazi a wodwala yemweyo, n'kudutsitsa maselo limodzilimodzi m'makina a kuwala amene amawerenga zizindikiro za selo lililonse.

Chopeza choyamba chili m'chiganizo chimodzi cha m'chidule cha lipotili, ndipo mawu olemera kwambiri m'menemo ndi aja atsekeredwa m'mabulaketi, onena kuti m'magazi mulibe. Maselo a T a wopereka amakhalitsa m'phapo, mwa ena kupitirira chaka, koma m'magazi a wolandira sakhalitsamo. Popanda timawu timeneti umboni ukanatsimphina. Akanapezeka m'magazi, wina akanati angomwazikana thupi lonse ndipo ena abwerera kwawo. Kusapezeka kwawo ndiko kukusonyeza kuti sachoka. Zizindikiro zitatu zimene olemba atchula zikufotokoza chifukwa chake. CD69 imachititsa selo kusamva kuitana kochokera m'magazi kumene kumakokera maselo kunja kwa chiwalo. CD103 imagwira khungu lopyapyala loyala m'kati mwa njira za mpweya. CD49a imagwira ulusi wa collagen umene uli pansi pa khungulo. Chimodzi n'chotseka makutu, ziwiri n'zogwirira. Pa mfundo imeneyi ndilibe nalo mlandu lipotili.

Theka lachiwiri la chiganizo chomwecho, limene maso amalidumpha, likunena za maselo a wolandira. Amalowa m'phapo latsopanolo, koma poyamba alibe zizindikiro zokhazikikira. Amazipeza pang'onopang'ono, pa miyezi. Poyeza majini a selo limodzilimodzi mwa odwala owerengeka, anapeza kuti maselo a wopereka ali m'magulu awiri a okhazikika, pamene a wolandira ena ndi ongodutsa, ena ayamba kufanana ndi eni malowo. Mawu oyamba a mutu uja, kupangika, achokera apa.

Kenaka pakubwera chiganizo chokopa maso chija. Odwala amene gawo la maselo a wopereka linakhalabe lalikulu anakumana ndi mavuto ochepa, ndipo mavuto awiri atchulidwa maina. Kuti timve kulemera kwa chiganizochi tiyenera kuwadziwa onse awiri, makamaka nthawi imene lililonse limagwa.

Loyamba madokotala amalitchula mwachidule kuti PGD, kulephera kwa phapo kugwira ntchito litangoikidwa. Phapo likachotsedwa mwa womwalira limatsukidwa ndi madzi ozizira a mankhwala, n'kuikidwa m'bokosi la ayezi, ndipo limakhala maola angapo lopanda magazi oyenda. Maselo ake ena amafa, ena amafooka. Chodabwitsa n'chakuti kuvulala kwakukulu kumabwera pamene dokotala wamasula chopanira mtsempha, magazi ofunda a wolandira n'kukhamukiramo. Zotsalira za maselo akufa zimadzutsa chitetezo. Ma neutrophil, maselo oyera amene amafika msanga pangozi iliyonse, amadzaza m'timitsempha n'kutulukira m'timatumba ta mpweya. Makoma opyapyala amayamba kuchucha, madzi n'kulowa mmene muyenera kukhala mpweya. Pa X-ray chifuwa chimayera mbee, ndipo wodwala sachoka pa makina opumira. Bungwe la International Society for Heart and Lung Transplantation linaika muyeso wa vutoli mu 2005, n'kuukonzanso mu 2016. Amayang'ana X-ray ndi kuchuluka kwa okosijeni m'magazi poyerekeza ndi amene wodwala akupatsidwa, m'maola oyambirira, kenaka pa maola 24, 48 ndi 72. Chiwerengerocho chikatsika pansi pa 200, ndi giredi 3, yoopsa kwambiri. Kafukufuku wa Joshua Diamond ndi anzake wa mu 2013, wa odwala 1,255 m'zipatala 10 za ku America, anapeza giredi 3 mwa 16.8 peresenti pa maola 48 kapena 72.

Maola 72 ndi masiku atatu chabe. PGD imayamba ndi kuweruzidwa m'masiku atatu amenewa. Koma kukhalitsa kwa maselo sungakuyeze pa tsiku lachitatu. Umakuona patapita masabata ndi miyezi, pa maulendo aja a kapaipi, ndipo chobwera pambuyo sichingakhale ndicho chinaletsa chimene chinachitika kale. Nkhani ingakhale iwiri. Mwina mapapo ena anachoka kwa eni ake ali ndi maselo okhazikika ambiri ndi athanzi, ndipo maselowa anathandiza kuti kutupa kwa masiku atatu aja kusakule. Kapena kutupako kunakula pa zifukwa zina, zimene Diamond anazitchula, monga wopereka wosuta fodya, wolandira wonenepa kwambiri kapena wothamanga magazi m'mitsempha ya m'mapapo, opaleshoni yodalira makina olowa m'malo mwa mtima ndi mapapo, ndipo ndiko kunapha eni malo n'kutsegulira khomo maselo a wolandira. Ziwerengero za m'lipotili zingatuluke chimodzimodzi m'nkhani zonse ziwiri.

Aliyense amene anawokerapo mbande amalidziwa funsoli. Mbande imene yafika m'munda ndi dothi lake la kunazale imagwira, imene yafika mizu ili pamtunda imafota. Koma yofika ndi dothi ndi yomweyonso imene inazulidwa mosamala, sinagwedezeke panjira, sinakhalitse padzuwa. Dothilo lingakhale ndilo laipulumutsa, lingakhalenso mboni chabe ya ulendo wabwino.

Vuto lachiwiri lili ndi msampha wakewake. Ndi kukana kwa msanga, kumene amakuzindikira potsina kanyama kakang'ono ka phapo n'kukayang'ana pa maikulosikopu. Woyang'anayo amafuna chinthu chimodzi: maselo oyera ounjikana mozungulira timitsempha ta magazi. Akamachuluka, giredi imakwera kuchoka pa A0 mpaka A4. Ounjikanawa ndi a yani? Makamaka ndi a wolandira. Tsono lipotili silikuwerenga maselo a wopereka paokha, likuyeza gawo lawo pa maselo onse a T a m'madzi aja. Kuchitira mwina kunali kovuta, pakuti madzi othiridwa m'phapo sabwerera ofanana tsiku ndi tsiku, ndiye chiwerengero chenicheni n'chosadalirika. Koma gawo limatsika m'njira ziwiri. Tiyerekeze ndi manambala ongopeka: m'madzi muli maselo 100, ndipo 60 ndi a wopereka. Kukana kwayamba, maselo 200 a wolandira alowa. A wopereka akadali 60, palibe limodzi lafa, koma gawo lawo lagwa kuchoka pa 60 peresenti kufika pa 20. Zikatero, kunena kuti odwala a gawo lotsika ndiwo amakana chiwalo kawirikawiri kwatsala pang'ono kukhala kunena chinthu chimodzi kawiri.

Kalembedwe ka olembawa kakusonyeza kuti akuponda mosamala. Chiganizo cha odwala chija sichikuti maselo anateteza kapena anachiritsa. Chikungoika magulu awiri moyandikana, awa anakumana ndi zochepa kuposa awa, ndipo phindu limene chikulonjeza ndi laling'ono: kuti kutsatira maselowa kungamuuze dokotala kanthu. Ndi lonjezo la chizindikiro, osati la mankhwala. Phazi likutererekera m'chiganizo chomaliza cha chidulecho. Pamndandanda wa zimene akuti aunikira, mmene maselowa amapangikira, mmene amagwirira ntchito, mmene amakhalitsira, awonjezapo chachinayi, mmene amakhudzira thanzi la chiwalo. Kupangika ndi kukhalitsa aonetsadi. Chachinayicho chikutenga mbali pa mkangano umene kafukufuku wa gulu laling'ono la odwala a chipatala chimodzi, ongowayang'anira osasintha kanthu, sangauthetse. Ziganizo zomaliza za zidule zimakonda kutero, ndipo tsoka lake n'lakuti atolankhani amayambira pomwepo.

Mkanganowu ndi wamkulu zaka kuposa lipotili. Kuyambira m'ma 1950, pamene George Snell anayamba kuwakayikira, maselo oyera obwera ndi chiwalo ankaonedwa ngati oputa mkwiyo wa thupi la wolandira. Mu 1982 Robert Lechler ndi Richard Batchelor ku London anaonetsa mu makoswe kuti impso yochotsedwa maselo otere imalandiridwa, koma ukabaya khosweyo ochepa a mtundu umodzi wa maselo a woperekawo, otchedwa ma dendritic cell, imakanidwa. Patapita zaka 10, Thomas Starzl wa ku Pittsburgh anaitembenuza nkhani. Mu 1992 anapeza maselo a opereka akadali moyo m'matupi a anthu amene anakhala zaka zambiri ndi impso kapena chiwindi cha wina, ndipo anati ndiwo anayanjanitsa thupi ndi chiwalocho. Omutsutsa anamufunsa funso lomwe lija: ali moyo chifukwa anabweretsa mtendere, kapena chifukwa mtendere unawasiya amoyo? Ku Columbia komweko, mu 2016, Julien Zuber ndi Megan Sykes anapeza mwa oikidwa matumbo kuti kumene maselo a wolandira alowa m'malo mwa a wopereka mofulumira, kukana kumakhalakonso. Zomwezomwezo zikuoneka m'ziwalo zosiyana, koma choyamba ndi chotsatira sizinasiyanitsidwe.

Kuti zisiyanitsidwe pamafunika kuchotsa maselo dala n'kuona chochitika, ndipo izi zimatheka mu nyama zokha. Ku Washington University, mumzinda wa St. Louis, gulu la Daniel Kreisel, Andrew Gelman ndi Alexander Krupnick linalengeza mu 2007 njira yoika phapo la kumanzere la mbewa mwa inzake, kulumikiza mtsempha ndi mtsempha pansi pa maikulosikopu. Mu 2019 momwemo, Wenjun Li ndi anzake a m'gululi anasindikiza m'magazini ya Journal of Clinical Investigation zimene ndikuona kuti ziyenera kuwerengedwa pambali pa lipoti la Snyder. Anaika phapo mu mbewa n'kuipatsa mankhwala kuti ililandire. Patatha mwezi, m'mbali mwa njira za mpweya munali mutamera timagulu ta maselo a chitetezo, todzaza ndi maselo a T oziziritsa, odziwika ndi chizindikiro cha Foxp3, amene ntchito yawo ndi kuletsa anzawo kulusa. Analichotsanso phapolo n'kuliika mu mbewa yachitatu yosalandira mankhwala ofooketsa chitetezo, ndipo linakhala bwinobwino. Koma atapha maselo oziziritsa a m'phapomo okha, linakanidwa, makamaka kudzera mu mapuloteni a chitetezo otchedwa ma antibody. Apa palibe kukayika: okhazikika ena amatetezadi.

Taonani, komabe, kuti oziziritsawo anali a yani. Sanabwere ndi phapo kuchokera kwa mwini woyamba. Anali a mbewa yolandira, amene analowa, n'kukhazikika, n'kusanduka eni malo. Izi zikutibwezera ku theka lija lodumphidwa. Ngati mbewa zikunena zoona za anthu, funso lalikulu si lakuti maselo a womwalira atsala angati, koma lakuti a wolandira amene akulowa akusanduka otani m'miyezi imene akuphunzira kukhazikika, oziziritsa kapena olusa. Mu 2009 gulu lomweli linaonetsa kuti phapo limakanidwa ngakhale mu mbewa yopanda anabele ndi kapamba, kutanthauza kuti za phapo zimagamulidwa m'phapo momwemo. Lipoti la Snyder, poonetsa kuti kusandukaku kumatenga miyezi mwa munthu, latipatsa kutalika kwa nthawi imene chigamulo chisanagwe. Kwa ine ichi n'cholemera kuposa chiganizo chokopa maso chija.

Nanga kuchira kwenikweniko, kumanganso zimene zagumuka? Lipotili silinakuyeze. Kuchepa kwa mavuto ndi kumanganso n'zosiyana, ndipo zimene zikudziwika za kumanganso zachokera kwina. Phapo lovulala lili ndi ntchito zingapo. Ma neutrophil akufa ayenera kuchotsedwa asanaphulike n'kutaya ululu wawo, ndipo ochotsa ndi ma macrophage, maselo akuluakulu okhala m'timatumba ta mpweya, amene akameza zakufa amasintha khalidwe n'kuyamba kutulutsa zoziziritsa. Madzi ayenera kupopedwa kutuluka m'timatumba. Maselo a mtundu wachiwiri a khoma la katumba ayenera kugawikana, ena n'kuphwatalala kutseka pamene pang'ambika. Mu 2009, Franco D'Alessio ku Johns Hopkins anaonetsa kuti mbewa zopanda maselo a T ndi B zimavulala mapapo mofanana ndi zinzake koma zimachedwa kuchira, ndipo ukazipatsa maselo oziziritsa kuchirako kumabwerera. Mu 2015, Nicholas Arpaia ndi Alexander Rudensky ku New York anapeza kuti maselo omwewa amatulutsa puloteni yotchedwa amphiregulin, imene imauza khoma kuti limere. Mbewa zimene maselo ake sangaitulutse zinaonongeka mapapo kwambiri ndi chimfine, chonsecho kachilombo kanali kochuluka mofanana ndi mwa zinzake. Mwa anthu oikidwa mapapo, malipoti awiri a mu 2016 anapeza ma macrophage a wopereka akadalimo patapita zaka ziwiri kapena kuposa.

Ndipo si onse obwera ndi phapo amene ali abwino. Mu 2017 gulu la Ankit Bharat ku Northwestern University, mumzinda wa Chicago, linapeza mtundu wina wa maselo oyera a wopereka, otchedwa ma monocyte, umene umakakamira m'timitsempha ta phapo ngakhale litatsukidwa, ndipo magazi akabwerera ndiwo amaitana ma neutrophil a wolandira. Atawachotsa mu mbewa, kuvulala kwa maola oyamba kunachepa. Choncho m'bokosi limodzi la ayezi mumabwera oyambitsa kutupa ndi amene mwina amakuletsa, onse a HLA imodzi. Wowerenga lipoti la Snyder n'kuganiza kuti chofunika n'kusunga chilichonse cha wopereka walakwitsa mofanana ndi amene ankafuna kutsuka chilichonse.

Chinthu china chimene chidule sichikutchula, koma chili m'thupi la wodwala aliyense, ndi mankhwala. Woikidwa mapapo amamwa ofooketsa chitetezo moyo wake wonse, kawirikawiri atatu: tacrolimus, mycophenolate ndi prednisone. Mankhwalawa safunsa HLA. Amagwira a wolandira ndi a wopereka omwe, olusa ndi oziziritsa omwe. Mwina ndiwo akuchititsa kuti maselo a womwalira athe chaka m'thupi lachilendo osaphedwa. Mwinanso ndiwo akuchedwetsa kukhazikika kwa atsopano, kotero kuti miyezi imene lipotili layeza ndi ya munthu wa pa mankhwala, osati ya munthu aliyense. Madokotala a mapapo anaphunzira kale kuti kuzimitsa chitetezo kumachedwetsa kupola. Wodwala woyamba, amene James Hardy anamuika phapo ku Jackson, Mississippi, mu 1963, anakhala masiku 18, ndipo kwa zaka 20 zotsatira oikidwa mapapo sankakhalitsa, ambiri chifukwa msoko wa njira ya mpweya unkaphwasuka. Joel Cooper ndi anzake ku Toronto anapeza mu agalu kuti mankhwala a gulu la prednisone ankaletsa msokowo kupola, ndipo wodwala wawo wa mu 1983, amene anadalira mankhwala ena ofooketsa chitetezo otchedwa cyclosporine, anakhala zaka zoposa 6. Lero theka la akuluakulu oikidwa mapapo amapitirira zaka 6 kapena 7, zochepa poyerekeza ndi a impso kapena chiwindi, ndipo chimene chimatha ambiri ndi zipsera zotseka tinjira ta mpweya pang'onopang'ono. Kafukufuku wotsatira odwala kwa chaka ndi miyezi sangafike kumeneko.

Chotsala ndi lonjezo laling'ono lija, lakuti dokotala angamatsatire maselowa. Ili likuima kaya choyamba n'chiti, pakuti chizindikiro chimathandiza ngakhale sichili ndicho choyambitsa. Koma lili ndi zofunika zake. Pafunika kusiyana kwa HLA kumene labotale ili ndi choyezera chake, ndipo si kusiyana konse kumene kuli nacho. Pafunika kapaipi kulowa m'chifuwa, pakuti magazi, amene ndi osavuta kutenga, ndiwo alibe yankho. Pafunikanso kudziwa chochita nazo zotsatira. Dokotala amene waona gawo la wopereka likugwa mwa wodwala wopuma bwinobwino ali ndi njira ziwiri zotsutsana. Ngati kugwako ndi chiyambi cha kukana, awonjezere mankhwala. Ngati ndi maselo a wolandira amene akulowa kudzakhazikika ndi kuteteza phapo ku chimfine cha chaka chino, kuwonjezera mankhwala n'kuwatsekera kunja. Kuti asiyanitse ayenera kuyeza mtundu wa olowawo, osati HLA yokha, ndiponso kuyamba kuyeza phapo lisanalowe m'chifuwa, kuti tsiku loyamba likhale ndi nambala yake yoyerekezera ndi za mwezi wachitatu.